Nyongolotsi ya pulasitiki ndi nsomba ya bass: luso la pamene chisanu chikutha

Mnyamata wa kwa Nchema m'boma la Chiradzulu akafuna kukawedza, chida choyamba kunyamula si mbedza ayi, koma khasu. Amapita kuseri kwa bafa kapena pansi pa nthochi, pamene nthaka siuma, n'kukumba nyongolotsi zingapo, n'kuziika m'chitini pamodzi ndi dothi lonyowa. Akafika kudambo amadula kachidutswa, kutunga kumbedza, kuponya m'madzi, kenaka n'kukhala pansi kudikira mlamba kapena makumba. Nyambo yotere ili ndi fungo, imadzigwedeza yokha, ndipo nsomba zinaizolowera kuyambira makedzana.

Tsono mutamuonetsa mnyamatayo nyongolotsi ya pulasitiki yotalika masentimita 25, yonenepa ngati chala cha munthu wamkulu, n'kumuuza kuti alipo anthu amene amatulutsa ndalama kugula chinthu chimenechi kuti akachiponye m'madzi, angakusekeni mpaka kugwira nthiti. Komabe osati kutali kwenikweni ndi kwawoko, m'madamu a pa phiri la Zomba ndi m'madamu ena a m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, muli nsomba yachilendo imene imameza chinthu choterechi mosazengereza. Dzina lake ndi bass. Ndipo nthawi imene zikuluzikulu za mtunduwu zimapezeka mosavuta ndi pamene chisanu cha Juni ndi Julayi chikutsanzika, chiperoni chikuchepa, ndipo mitengo ya mombo yayamba kuphukira masamba ofiira.

Mlendo wa kukamwa kwakukulu

Kwawo kwa bass ndi ku North America. Inafika ku South Africa mu 1928, ndipo kuchokera m'malo oswetsera nsomba a kumeneko inafalikira m'maiko a kuno kummwera kwa Africa. Amene ankaifuna kwambiri anali atsamunda ndi eni minda ikuluikulu, omwe ankawedza posangalala chabe, osati pofuna ndiwo. M'mitsinje yozizira ya pamwamba pa mapiri a Zomba, Mulanje ndi Nyika anaikamo nsomba ya trout. M'madamu ofundirapo anaikamo bass.

Amene anaonapo sungwa ya m'nyanja ya Malawi sangavutike kuizindikira mtima nsombayi, ngakhale ziwirizi si zapachibale. Ndi yobiriwira kumsana, yoyererapo kumimba, ndipo ili ndi mzere wakuda m'mbali. Chachikulu ndi kamwa. Ikayasamula, nsomba ya makilogalamu atatu ingameze nkhonya ya munthu. Sidya ndere ngati chambo. Imadya nsomba zinzake, achule, nkhanu, tombolombo, ngakhale tiana ta mbalame za m'madzi ndi tinjoka. Kadyedwe kake n'kobisalira: imaima duu pafupi ndi chitsa, mwala kapena bango, ndipo chakudya chikadutsa imatsegula kamwa mwadzidzidzi, madzi n'kulowa mwamphamvu pamodzi ndi nyamayo. Siluma ngati mcheni. Imakoka ndi kumeza.

Kukula kwake kumadalira kutentha kwa madzi ndi kuchuluka kwa chakudya. Yaikulu koposa yovomerezeka m'kaundula wa owedza pa dziko lonse inali ya makilogalamu 10 ndi pang'ono, ndipo anaigwira ndi George Perry m'chigawo cha Georgia ku America mu 1932. Panapita zaka 77 kuti wina afike pamenepo: mu 2009 Manabu Kurita anagwira yolemera chimodzimodzi m'nyanja ya Biwa ku Japan. Kwa anansi athu ku Zimbabwe, damu la Manyame linatulutsa yopitirira makilogalamu 8 mu 2004. Zambiri zimene anthu amagwira m'madamu ang'onoang'ono sizifika ngakhale theka la pamenepa, koma wowedza aliyense amachoka kunyumba akulota yaikuluyo.

Chifukwa chake nyengo ndi imeneyi

Mabuku ndi makanema a pa intaneti ophunzitsa kuwedza bass amakamba za nyengo imene kwawoko amaitcha spring, ndipo amatchula miyezi ya Malichi, Epulo ndi Meyi. Wowerenga wa kuno akatsatira miyeziyo mwachimbulimbuli adzasochera, pakuti ife tili kumunsi kwa equator ndipo nyengo zathu n'zotembenuka. Nsomba siwerenga kalendala. Imamvera kutentha kwa madzi ndi kutalika kwa usana. Kwa ife nyengo yofanana nayo imayamba chakumapeto kwa Julayi, kudutsa Ogasiti ndi Seputembala, n'kufika kumayambiriro kwa Okutobala, pamene dzuwa la chilimwe lakhwima. Damu la kuchigwa limafunda msanga, la pamwamba pa phiri limachedwa, choncho madamu awiri a m'boma limodzi akhoza kusiyana ndi masabata angapo.

M'miyezi yozizira bass imakhala pakuya, imayenda pang'ono ndipo imadya mwa apo ndi apo. Madzi akayamba kufunda kuyandikira madigiri 15, thupi lake limadzuka. Zazikazi, zomwe ndizo zimakula kwambiri kuposa zazimuna, zimakhala zitadzaza mazira ndipo zimafuna chakudya chochuluka zisanaikire. Zimachoka pakuya n'kuyamba kusendera kugombe, koma sizifika tsiku limodzi. Zimaima kaye pamalo pamene pansi pa damu pamatsetsereka, pamphepete pa khwawa lakale limene linamira damulo litadzaza, kapena pa mitengo yomira. Apa ndiye pamene wowedza wanzeru amaziyembekezera.

Madzi akafika pakati pa madigiri 16 ndi 20, yaimuna imasesa kamalo kozungulira pamchenga kapena pamiyala ing'onoing'ono, kawirikawiri m'madzi osapitirira mamita awiri kuya kwake. Chimenecho ndicho chisa. Yaikazi imaikira mazira n'kuchoka. Yaimuna imatsala kulondera mazira ndi tiana, ndipo m'masiku amenewo imathamangitsa chilichonse choyandikira. Kenaka imadza nthawi yachitatu, pamene zazikazi zaikira, zatopa, zaonda, ndipo zabwerera m'malo obisika kukapumula.

Nthawi zitatu zonsezi zili ndi chinthu chimodzi chofanana: nsomba yaikulu sifuna kuthamanga. Isanaikire imakhala yolemedwa ndi mazira m'madzi amene sanafundiretu. Itaikira imakhala yofooka. Kuthamangitsa katemba kamodzi n'kuwononga mphamvu zambiri kuposa zimene ingapeze. Imafuna chakudya chachikulu, choyenda pang'onopang'ono, chooneka chosatha kuthawa. Nyongolotsi yaitali ya pulasitiki ikamakwawa pansi imaoneka chomwecho ndendende. Ubwino wina ndi wakuti tinsomba ting'onoting'ono timalephera kuimeza, motero nyamboyo imasankha yokha nsomba zazikulu. Wowedza amalumidwa kawerengeka, koma zimene amakoka zimakhala zoti n'kuitanira anzake.

Pali funso limene aliyense amafunsa: kodi nsombayo imaganiza kuti ikudya chiyani, popeza m'damu mulibe nyongolotsi za masentimita 25? Yankho losavuta n'lakuti bass siifufuza dzina la chimene ikumeza. Chinthu chachitali, chofewa, chogwedezeka chikhoza kukhala kanjoka, kamlamba kapena msundu. M'mbali mwa thupi lake muli mzere wa timaenje timene imamvera kugwedezeka kwa madzi, choncho ngakhale m'madzi akuda imadziwa kuti pafupi pakuyenda kanthu.

Kuchokera m'khitchini ya ku Ohio

Nyambo za mphira zinalipo kale, koma zinali zolimba, ndipo nsomba ikaluma inkalavula nthawi yomweyo. Amene anasintha zinthu ndi Nick Creme wa mumzinda wa Akron ku Ohio. Mu 1949 iye ndi mkazi wake Cosma anayamba kusungunula pulasitiki m'khitchini mwawo, n'kumathira m'chikombole chimene anaumba potengera nyongolotsi yeniyeni. Chimene chinatuluka chinali chofewa ngati mnofu ndipo sichinkauma. Malonda atakula, kampani yawo inasamukira ku Tyler m'chigawo cha Texas, kumene madamu atsopano anali atamiza nkhalango zathunthu. Owedza a kumeneko ankangotaya mbedza m'nthambi za mitengo yomira, mpaka anatulukira njira yobisa nsonga ya mbedza m'thupi la nyongolotsi. Njirayo mpaka lero imatchedwa Texas rig, ndipo ndiyo maziko a luso lonseli.

Kamangidwe kake n'kotere. Choyamba mumalowetsa chingwe m'kamtovu kosongoka ngati chipolopolo, nsonga yake italoza kundodo, ndipo kamtovuko kamatsala komasuka kuti kaziyenda pachingwe. Kenaka mumamanga mbedza yaikulu yokhota pakhosi; pa nyongolotsi ya masentimita 25 mpaka 30 mbedza yoyenera ndi ya nambala 5/0 kapena 6/0. Mumabaya mutu wa nyongolotsi pakatikati, kulowetsa pafupifupi theka la sentimita, n'kutulutsira nsongayo m'mbali. Mumakoka mbedza yonse mpaka mutu wa nyongolotsi utakhala pakhosi pa mbedza, n'kuitembenuza kuti nsonga iyang'ane thupi. Pomaliza mumabaya thupilo pamalo oyenera kuti nyongolotsi igone mowongoka, nsonga n'kubisala pansi pa khungu la pulasitiki. Kuwongokako n'kofunika kwambiri. Nyongolotsi yopindika imazungulira ikamakokedwa, imapota chingwe, ndipo nsomba yaikulu, imene yakula chifukwa chochenjera, imangoiyang'ana n'kuisiya.

Kamtovu kasakhale kolemera mopitirira. M'madzi osaya, magalamu 3 mpaka 7 ndi okwanira. Kukakhala mphepo kapena pakuya mamita anayi kapena asanu, mungafike magalamu 10 kapena 14. Kopepuka kamalola nyambo kumira mwapang'onopang'ono, ndipo nsomba zambiri zimaluma nthawi yomirayo. Chingwe chikhale chopirira makilogalamu 7 mpaka 9, ndodo ikhale yolimba msana, yotalika pafupifupi mamita awiri. Ndodo yofewa ngati ya nsungwi yaiwisi singathe kuboola pulasitiki ndi nsagwada za nsomba nthawi imodzi.

Za mitundu ya nyongolotsi amalonda amalankhula zambiri, poti ndipo pagona phindu lawo. Kunena zoona, mitundu iwiri ndi yokwana. M'madzi oyera ngati a pa phiri la Zomba, yobiriwira mofanana ndi khungu la chivwende kapena la dzungu laliwisi imagwira bwino ntchito. M'madzi a matope, kapena kukachita mitambo, yakuda kapena yofiirira moderapo imaoneka bwino chifukwa imasiyana ndi madziwo. Mchira ndiwo woyenera kuuganizira. Wopiringizika ngati riboni umavina wokha ndipo umakopa madzi akafunda. Wowongoka suchita phokoso, ndipo ndi umene umathandiza m'mawa wozizira wa Ogasiti pamene nsomba zili zaulesi.

Maso a nkhono

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo palibe kuwedza kumene mawuwa amakwanira bwino kuposa kuno. Cholakwa cha pafupifupi aliyense woyamba kumene ndicho kufulumira. Amaponya, n'kuyamba kupukusa chingwe ngati akutunga madzi pachitsime, nyambo n'kudutsa pamwamba pa nsomba ngati basi yodzaza.

Mukaponya pafupi ndi chitsa kapena m'mphepete mwa bango, lolani nyongolotsi imire mpaka pansi, maso anu ali pachingwe. Chikakhwepa, ndiye kuti yafika. Dikirani. Werengani mpaka khumi ngati mtima ukulola. Kenaka kwezani nsonga ya ndodo pang'onopang'ono, kuti nyambo ikwawe mtunda wosapitirira mkono umodzi, mubweze ndodo pansi, mupukuse chingwe chotsala, n'kudikiranso. Ndodo ndiyo imayendetsa nyambo. Chopukusira ntchito yake n'kusonkhanitsa chingwe basi. Kuponya kumodzi kukhoza kutenga mphindi ziwiri kapena zitatu. Mukamva kamtovu kagunda nthambi, musakoke mwaukali. Kakwezeni mofatsa kadutse, kagwere mbali inayo, chifukwa nthawi zambiri mwini malo amakhala ali pomwepo.

Kuluma kwa bass sikufanana ndi kwa mlamba umene umathawa ndi mbedza mpaka ndodo kupindika. Nthawi zina mumamva kugogoda kumodzi kapena kuwiri, ngati munthu wakhudza ndodo ndi chala. Nthawi zina simumva kanthu, mumangoona chingwe chikuyenda chokha cham'mbali. Nthawi zinanso nyambo imangolemera ngati yakola nsanza. Chodabwitsa n'chakuti nsomba yaikulu ndiyo imaluma mwakachetechete, pakuti imameza nyongolotsi yonse kamodzi n'kuima pomwepo; kugwedeza kwambiri kawirikawiri ndi ntchito ya tiana timene tikulimbana ndi mchira.

Mukazindikira kuti yaluma, tsitsani ndodo kuloza kunsomba, pukusani mpaka chingwe chitatsala pang'ono kukungika, ndipo kokani mwamphamvu chammwamba. Kale anthu ankaphunzitsana kuti uzidikira nthawi yaitali kuti imeze bwino. Malangizo amenewo ndi olakwika. Masekondi awiri kapena atatu ndi okwanira, ndipo kuchedwa kumachititsa kuti mbedza ilowe kummero, nsomba n'kufa ngakhale munafuna kuibweza. Ikakodwa, ichotseni msanga pamitengo isanakulunge chingwe. Idzalumpha pamwamba pa madzi ikupukusa mutu, kamwa lili yasa, ndipo chingwe chikakhwepa pamenepo, mwatsala ndi nkhani yokha yokasimba kunyumba.

M'nyengo imeneyi musadzivute kulawirira m'bandakucha monga mmene timachitira m'chilimwe. Mu Ogasiti madzi osaya amafunda masana, ndipo kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka madzulo ndi pamene nsomba zimasendera kugombe. Masiku atatu otsatizana a dzuwa amazibweretsa pafupi. Chiperoni chikagwa usiku umodzi zimabwerera pakuya, ndipo muyenera kuzitsatira kumeneko ndi kamtovu kolemerapo. Yendani mwakachetechete m'mphepete mwa damu, ndipo chithunzithunzi chanu chisagwere pamadzi.

Nsomba ya pachisa

Apa pali nkhani imene owedza amatsutsana. Yaimuna yolondera chisa ndi yosavuta kugwira, chifukwa imanyamula nyongolotsi osati ndi njala, koma pofuna kuchotsa mdani pa mazira ake. Mukaichotsa pamenepo, ngakhale kwa mphindi zochepa, makumba, nkhanu ndi tinsomba tina timagwera mazirawo. M'damu lotsekedwa limene eni ake amalisunga kuti anthu aziwedzamo bass, nzeru ndi kuzisiya za pachisa n'kusaka zazikazi m'malo otsetsereka, ndipo mukagwira yodzaza mazira, muijambule ndi foni n'kuibweza ndi manja onyowa. Madamu ambiri otere ali ndi eni, kaya ndi esiteti kaya nthambi ya boma, ndipo chilolezo chimapemphedwa musanaponye mbedza.

Koma chifundo chimenechi chili ndi malire ake, ndipo malirewo ndi khoma la damu. Nsomba imene ingameze nyongolotsi ya masentimita 30 singasiye matemba. Bungwe la IUCN linaiika bass pa mndandanda wa zamoyo 100 zowononga kwambiri zikalowa m'malo achilendo. M'mitsinje ya ku Western Cape ku South Africa, mitundu ya bass inatha tinsomba tachibadwidwe tapachibale ndi matemba athu m'zigawo zambiri. Ku Guatemala anaiika m'nyanja ya Atitlán chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 pofuna kukopa alendo; nsomba ndi nkhanu za m'nyanjamo zinachepa, ndipo mbalame ina ya m'madzi imene inkapezeka kumeneko kokha inatheratu pofika m'ma 1980. Ku nyanja ya Biwa, komwe kunatuluka nsomba ya Kurita ija, malamulo amaletsa kubweza bass m'madzi ukaigwira.

Izi zikutikhudza mwachindunji. Alimi ambiri m'maboma a Chiradzulu, Zomba, Thyolo ndi Mulanje ali ndi maiwe a makumba ndi chilunguni, ndipo vuto lawo lodziwika n'lakuti nsombazi zimaswana mopitirira n'kukhala zokwinimbira. Munthu akamva za nsomba yodya tiana ta zinzake, yokula msanga ndiponso ya mnofu wokoma wopanda minga yambiri, akhoza kuyesedwa kunyamula ziwiri zitatu mu ndowa kupita nazo kumudzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dziwe la mlimi silikhala lotsekedwa mpaka muyaya. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anationetsa mmene madzi amagumulira makoma ndi kusakaniza maiwe ndi mitsinje usiku umodzi, ndipo Chiradzulu inali pakati pa maboma amene anavutika koposa. Madzi a m'bomali ena amatsikira ku nyanja ya Chilwa, kumene mabanja zikwizikwi amadalira matemba, makumba ndi mlamba. Ena amakathera mu Shire. Lamulo la zausodzi la 1997 linaletsa kulowetsa nsomba zachilendo m'madzi a dziko lino popanda chilolezo cha nthambi ya zausodzi, ndipo n'chifukwa cha mantha omwewa kuti boma linaletsa kuweta nsomba ya carp ngakhale alimi ankaikonda. Choncho mukaigwira bass mumtsinje kapena m'dambo kunja kwa damu lake, musaibweze. Imeneyo ndi ya mumphika.

Katsalanso kanthu kamodzi kokhudza nyongolotsiyo. Ya mnyamata wa kwa Nchema ija ikatsala, amaikhuthulira pansi n'kubwerera m'dothi. Ya pulasitiki siola. Ikang'ambika n'kutayidwa m'madzi imamira, imafufuma, ndipo nsomba ikaimeza imatha kutsekeka m'mimba n'kuyamba kuonda. Popeza nyambozi zimachokera kunja, makamaka ku South Africa, ndipo mtengo wake si wamasewera, owedza odziwa amasunga zong'ambikazo m'thumba. Mutu ukaphwasuka amadulako sentimita imodzi n'kutunganso. Zoduka pakati amazilumikiza potenthetsa nsonga ziwirizo ndi mpeni wamoto n'kuzigundanitsa, ndipo zikazizira zimagwirana moti n'kupitanso nazo kudamu Loweruka lotsatira.